Tisataye ampulifaya yonse chifukwa cha sipuling'i imodzi

M'masitowa a sukulu zathu ndi m'tizipinda ta kuseri kwa matchalitchi mumapezeka katundu wina amene tonse timamudziwa: ampulifaya ya gitala yakalekale, yolemera moti munthu mmodzi sangapite nayo patali, nsalu yakumaso itang'ambika, pamwamba pake atasanjikapo mabuku othothoka zikuto. Mukafunsa mbiri yake amakuuzani kuti inasiyidwa ndi mphunzitsi wina wakunja, kapena kuti m'bale wina anaitumiza kuchokera ku Joni. Mukafunsa chimene inalakwa, yankho limakhala lalifupi: inaonongeka. Koma mukaiyatsa, nthawi zambiri gitala imamveka bwinobwino. Vuto limaoneka pokhapokha mukapotokola kabatani kolembedwa kuti Reverb. Mwina sipasintha kalikonse, mwina pamabwera kung'ung'udza kosalekeza, mwinanso ampulifayayo imangoyamba kulira yokha anthu ali chete. Pa mlandu umenewu yokha imatsekeredwa m'sitowa, ndipo komiti imayamba kukambirana zosonkha ndalama zogulira ina.

Ife tikuti chiweruzo chimenechi chimaperekedwa mofulumira kwambiri. Chiwalo chimene chimadwala pamenepa ndi chimodzi mwa zotsika mtengo m'ampulifaya yonse, ndipo m'maampulifaya ambiri chimachoka pongozula zingwe ziwiri ndi kumasula masikuluwu ochepa. Chofunika n'kudziwa mmene chimagwirira ntchito, kuchiyeza tisanagule china, kugula choyenera ngati chafadi, ndi kuchisamala pochinyamula.

Zomwe zili m'thumba lakuda lija

Mukasuzumira kumbuyo kwa ampulifaya yokhala ndi sipika m'bokosi lomwelo, pansi penipeni mudzaona thumba lakuda lalitali, zingwe ziwiri zitatulukamo kulowera kumtunda. M'thumbamo muli kabokosi kachitsulo kotseguka mbali imodzi. Oimba amakatcha thanki ya reverb, ngakhale simukhala madzi. M'kati mwake munayalidwa masipuling'i opyapyala awiri kapena atatu, kuchokera kumapeto kuno kukafika kumapeto uko. Mbali iliyonse kuli koyilo ya waya wochepa ngati tsitsi, ndi timaginito tating'ono tolumikizidwa ku nsonga za masipuling'iwo.

Mawu a gitala amafika m'thankimo ali magetsi. Akalowa m'koyilo yoyamba amachititsa timaginito kupotoka uku ndi uku, ndipo kupotokako kumayenda m'sipuling'i mpaka kutsidya. Kumeneko timaginito tina timagwedezeka pafupi ndi koyilo yachiwiri, koyiloyo n'kusandutsanso kugwedezekako kukhala magetsi. Komabe kugwedezeka konse sikuthera pomwepo. Kwina kumabwerera, kukagunda koyambira, kubwereranso, mphamvu ikunka nichepa mpaka kuzimiririka. Masipuling'iwo anawapanga mosiyana dala kuti ina izichedwa kuposa inzake, motero mawu obwererawo amasakanikirana m'malo momveka amodziamodzi. Ampulifaya ikaphatikiza mawu ochedwawa ndi mawu enieni a gitala, khutu limamva ngati woimbayo ali m'holo yaikulu.

Nzeru imeneyi sinayambire pa gitala. Laurens Hammond wa ku America, amene ankapanga maogani a magetsi, anaona kuti ogani yake ikaikidwa pabalaza la nyumba ya munthu imamveka youma, mosiyana ndi ogani ya m'tchalitchi chachikulu momwe makoma amabweza mawu. Mu 1941 anapatsidwa chiphaso cha umwini wa njira yogwiritsa ntchito masipuling'i pokonza vutoli. Zida zoyambazo zinali zazikulu. Cha m'ma 1960 injiniya wa kampani ya Hammond, Alan Young, anapanga thanki yaing'ono yotchedwa Type 4, ndipo kampani ya Fender inaitenga n'kuiika m'kabokosi kapadera ka reverb mu 1961. Mu 1963 inatulutsa Vibroverb, ampulifaya yake yoyamba yokhala ndi reverb m'kati, ndipo posakhalitsa kunabwera Twin Reverb ndi Deluxe Reverb. Oimba nyimbo za surf ku California, monga Dick Dale, anadziwika ndi kulira kumeneku. Ku Jamaica, King Tubby, amene ntchito yake yoyamba inali yokonza mawailesi ndi maampulifaya mumzinda wa Kingston, ankagwiritsa ntchito masipuling'i omwewa pa nyimbo za dub, ndipo ankatha kuwamenya dala kuti atulutse phokoso ngati la bingu.

Chotisangalatsa ife pa mbiriyi n'chakuti kapangidwe ka thankiyi sikanasinthe kwenikweni. Dzina la Accutronics, lomwe linachokera ku kampani ya Hammond, linagulidwa mu 2009 ndi kampani ya Belton ya ku South Korea, ndipo mathanki akupangidwabe mpaka lero pa miyezo yomwe ija. Ampulifaya ya mu 1965 ingathe kupeza thanki yatsopano yolowa pamalo pake ndendende. Ndi zida zingati za magetsi zomwe tili nazo zimene tinganene zomwezi? Foni ya zaka zisanu zokha imasowa kale batire.

Kuyeza kutsogole, kugula kutsatire

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Reverb ikasiya kumveka, si nthawi zonse pamene thanki imakhala yolakwa, ndipo njira yodziwira ndi yosavuta. Yatsani ampulifaya, ikani kabatani ka Reverb pakatikati, kenaka gogodani bokosilo pang'ono ndi chikhatho. Mukamva phokoso ngati la malata ogundidwa ndi mphepo, dziwani kuti mbali yotulutsa mawu ili moyo: masipuling'i, koyilo yachiwiri, chingwe chobwerera ndi zonse za kumtunda kwake. Zikatero vuto lili mbali yotumiza mawu m'thanki. M'maampulifaya akale a Fender mbali imeneyi ili ndi valavu ya 12AT7, kathiransifoma kakang'ono, chingwe ndi koyilo yoyamba. Mukagogoda koma osamva kanthu, funani vutolo mbali yobwerera.

Musanapite patali, zulani kaye chopondera ndi phazi chija, ngati chilipo. M'maampulifaya akale a Fender chimazimitsa reverb pogunditsa mawu obwererawo ku chitsulo cha ampulifaya, choncho mawaya a m'chingwe chake akakhudzana reverb imatha ngakhale thanki ili yabwinobwino. Kenaka zimitsani, zulani pulagi kukhoma, ndipo yang'anani zingwe ziwiri za thanki. Mapulagi ake ndi a RCA, ofanana ndi a ma DVD player, ndipo amachita dzimbiri msanga. Kuwazula, kuwapukuta ndi kuwabwezera kumachiritsa maampulifaya ambiri. Koma ikani chizindikiro pa chilichonse musanazule, chifukwa mukazisinthanitsa reverb imamveka yofooka kwambiri kapena siimveka n'komwe, ndipo munthu angaganize kuti thanki yafa chonsecho anaisokoneza ndi amene anaigwira komaliza.

Zonsezi zikalephera, tulutsani thanki m'thumba ndi kubwereka mita yoyezera magetsi ku labu. Pa thanki ya mtundu wa Fender yakale, mbali yolowera imaonetsa pafupifupi ohm imodzi, ndipo mbali yotulukira imaonetsa ma ohm cha m'ma 200. Mita ikapanda kuonetsa kulumikizana kulikonse ndiye kuti waya waduka. Kawirikawiri amaduka ndi timawaya tochokera pa soketi kupita pa koyilo, chifukwa thireyi ya m'kati imalendewera pa timasipuling'i tinayi ndipo imagwedezeka ulendo uliwonse. Mmisiri wokonza mawailesi pamsika angathe kuwotcherera kawaya kotere m'mphindi zochepa. Ngati kasipuling'i kolendeweretsa thireyi kakoleka, kamabwezeredwa ndi zala. Thanki imene tiyenera kuivomereza kuti yafadi ndi imene waya waduka m'kati mwa koyilo, kapena sipuling'i yaikulu yathyoka pomwe inalumikizana ndi kamaginito.

Pano tiyenera kuika malire osasuntha. Zonse tatchulazi zimachitika kunja kwa chitsulo chomwe chimasunga mawaya a ampulifaya. M'kati mwa chitsulocho, m'maampulifaya a mavalavu, muli makapasita osunga magetsi opitirira mavolti 400, ndipo amatha kuwasungabe pulagi itazulidwa kale kukhoma. Magetsi amenewo amapha. Wophunzira agwire thumba, zingwe ndi thanki. Kutsegula chitsulocho ndi ntchito ya mmisiri wodziwa kutaya magetsi a m'makapasita. Kulimbikitsana kukonza zinthu kusasanduke kulimbikitsana kulowetsa zala paliponse.

Zilembo zisanu ndi ziwiri zomwe zimapulumutsa ndalama

Thanki ikafadi, cholakwa chodula kwambiri n'kuuza m'bale wa ku Johannesburg kapena ku London kuti angotigulira thanki ya reverb iliyonse. Kunja zimafanana, koma m'kati ndi zosiyana, ndipo kusiyanako kunalembedwa pa thankiyo m'manambala ndi zilembo zisanu ndi ziwiri. Titenge 4AB3C1B, yomwe imalowa mu Twin Reverb ndi Deluxe Reverb zakale. Nambala 4 ikunena za mtundu: thanki yaitali pafupifupi masentimita 43, ya mizere iwiri ya masipuling'i. Mtundu 8 ndi waufupi, pafupifupi masentimita 23, wa masipuling'i atatu, pamene mtundu 9 ndi wautali wa mizere itatu. Chilembo A chikunena kuti koyilo yolowera ndi ya ma ohm 8, ndipo B kuti yotulukira ndi ya ma ohm 2,250. Manambala awiriwa amayezedwa mawu akudutsa, n'chifukwa chake mita wamba imaonetsa ochepa kuposa amenewa. Nambala 3 ikunena kuti mawu amachedwa kuzimiririka, pakati pa masekondi 2.75 ndi 4. Chilembo C chikunena kuti soketi yolowera sinakhudzane ndi chitsulo cha thanki koma yotulukira inakhudzana nacho. Nambala 1 ikutanthauza kuti palibe chotsekera masipuling'i paulendo. B womaliza akunena mmene thankiyo iyenera kugonera: chafufumimba, kukamwa kwake kutaloza pansi.

Chilembo chilichonse chili ndi zotsatira zake. Maampulifaya ambiri amene amayendetsa thanki ndi matransisita kapena kachipu amafuna koyilo yolowera ya ma ohm mazanamazana, monga ya chilembo E. Fender Hot Rod Deluxe imagwiritsa ntchito 4EB3C1B, yomwe yangosiyana chilembo chimodzi ndi ija ya Twin Reverb yakale. Mukaika thanki ya ma ohm 8 pamalo ofuna ma ohm 600, kachipuko kamalemedwa, mawu amaphwanyika, ndipo kangathe kupsa. Mukachita zosiyana ndi zimenezi, reverb imamveka chapatali ngati ya kwa aneba. Mukalakwitsa chilembo cha masoketi mumaitana kung'ung'udza kapena kuzimitsiratu reverb. Ngakhale chilembo chomaliza chili ndi ntchito, pakuti timaginito tija anatiika kuti tikhale pakati pa mpata wake thanki ikagona mmene anaipangira. Yogona chafufumimba mukaiimiritsa pakhoma la bokosi, timaginito timasendera mbali ndipo mawu amasintha. Safunsa anadya phula: jambulani zilembozo pa foni, tumizani chithunzicho, ndipo wogulayo asavomere china chosiyana nazo. Zilembo zikafufutika, dzina ndi mtundu wa ampulifaya ndi zokwanira kuti ogulitsa apeze yoyenera.

Chimene chimapha mathanki kuno

Thanki yongokhala pamalo amodzi imatha zaka makumi angapo. Chimene chimaivulaza ndi maulendo. Gulu la nyimbo likamapita kukaimba kwina, ampulifaya imaponyedwa kumbuyo kwa lole, mwina chogona chammbali, n'kudutsa msewu wafumbi wa mabampu, masipuling'i akumenyetseka ku chitsulo njira yonse. Iyenera kuyenda choimirira, itakhala pa matiresi kapena zofunda, ndipo poitsitsa isagwetsedwe pansi. Isasunthidwe ili yoyaka, chifukwa phokoso la masipuling'i limatuluka mwamphamvu pa sipika. Thumba lakuda ndi katoni ya pansi pake zisatayidwe poganiza kuti ndi zinyalala: ndi zimene zimaletsa kugwedezeka kwa sipika kulowa m'masipuling'i, ndipo zikachoka ampulifaya imayamba kulira yokha. Pa chifukwa chomwechi thanki isamangidwe molimba ku thabwa. Poibwezera, mbali yotulukira ikhale kutali ndi thiransifoma yaikulu, apo ayi koyilo yake imatola kung'ung'udza kwa magetsi.

Nyengo ya dzinja imabweretsa chinyezi, ndipo ampulifaya yokhala pasimenti miyezi itatu imachita dzimbiri pa masoketi ndi pa masipuling'i. Iikidwe pathebulo kapena pamatabwa, ndipo iziyatsidwa kawirikawiri. Masipuling'i asapakidwe mafuta, asakokedwe, asapukutidwe ndi nsalu, fumbi lingouziridwa. Makoswe amakonda zingwe, mphemvu zimakonda thumba lofunda, choncho kusuzumira kumbuyo kamodzi pa teremu sikungationongere nthawi. Chenjezo lina likhudza ampulifaya yonse: magetsi athu ndi a mavolti 230, pamene zida zambiri zopangidwira msika wa ku America zimafuna mavolti 120 ndipo za ku Japan mavolti 100. Werengani zolembedwa kumbuyo musanalumikize chida chilichonse chobwera ngati mphatso kapena chogulidwa pa kaunjika.

Zimene otsutsa amanena

Anzathu ena amati zonsezi n'kutaya nthawi, chifukwa masiku ano pali tizida ta digito topondera ndi phazi, ndipo mamikisa ambiri ali kale ndi reverb m'kati. Pa mawu a anthu akunena zoona. Kwaya kapena kwateti imamveka bwino ndi reverb ya digito kusiyana ndi ya masipuling'i, yomwe pa mawu a munthu imamveka ngati ali m'chitini. Koma funso lathu ndi la ampulifaya imene tili nayo kale. Kachida ka digito kamafuna ndalama zatsopano, adaputala yakeyake ndi chingwe china, kamalowa m'thumba la jekete n'kusowa, ndipo chipu yake ikapsa palibe mmisiri pamsika amene angaiukitse. Thanki ya masipuling'i siifuna batire, imakhala m'bokosi momwemo, ndipo matenda ake ambiri amaoneka ndi maso.

Ena amati matchalitchi athu a njerwa, simenti ndi malata amabweza kale mawu mopitirira muyezo, ndiye reverb n'njachiyani? Apanso pali choona, ndipo oimba gitala ena amaonjeza mpaka mawu a nyimbo osamvekanso. M'nyumba yotere kabatani kakhale pa 2 kapena kazimitsidwe. Koma ampulifaya yomweyo imapitanso pabwalo, m'tenti ndi ku misonkhano ya misasa, komwe kulibe khoma lobweza mawu ndipo gitala imamveka youma. Komanso thanki yodwala siingokhala chete. Imang'ung'udza, imalira, n'kuchititsa anthu kukayikira chida chonse, mpaka chigulitsidwe pa mtengo wa zitsulo zakutha kwa munthu amene akudziwa kuti vuto lake ndi kawaya kamodzi.

Palinso okonda zakale, makamaka kunja, amene amati ampulifaya ya m'ma 1960 ikachotsedwa thanki yake yoyamba yataya ulemu ndi mtengo womwe. N'zoona kuti mathanki atsopano samveka chimodzimodzi ndi akale, ndipo n'zoonanso kuti ogula zida zakale amalipira zambiri pa chida chosasinthidwa ziwalo. N'chifukwa chake tikuti kukonza kutsogole. Koma chida choimbira chinapangidwa kuti chiziimba. Thanki yakale ikakanika, iikidwe yatsopano, ndipo yakaleyo ikulungidwe, ilembedwe dzina la ampulifaya yake ndi tsiku lomwe inachotsedwa, isungidwe. Kusinthaku sikuboola kapena kudula chilichonse, ndipo wofuna kubwezera yakale angatero tsiku lililonse.

Za kusowa kwa ndalama zakunja sitingatsutse. Koma mfundo imeneyi ili mbali yathu. Thanki ndi yopepuka, imakwana m'sutikesi ya m'bale wobwera kutchuthi, ndipo mtengo wake ndi kachigawo kakang'ono ka mtengo wa ampulifaya yatsopano. Ngati ndalama zili zosowa, komiti yogula ampulifaya yonse osayeza kaye zingwe ziwiri ndiyo ikuononga chuma cha anthu, chomwe ena anachipereka atagulitsa nkhuku.

Phindu lake kwa ife aphunzitsi a mawa

Ambiri mwa ife tidzatumizidwa kusukulu zopanda labu yokwanira, komwe mafunde, mawu, maginito ndi magetsi zimaphunzitsidwa ndi choko pabolodi. Thanki ya reverb yaika mitu yonseyi m'kabokosi kamodzi kotseguka. Mwana wa Fomu 3 kapena Fomu 4 angathe kuona ndi maso ake koyilo ikukankha maginito, kugwedezeka kukuyenda m'sipuling'i, kubwerera, ndi kusandukanso magetsi. Angathe kuigunda ndi pensulo n'kumva zotsatira zake pa sipika. Angaphunzire kugwira mita, kulemba zimene wapeza, ndi kusiyanitsa chimene akuganiza ndi chimene wayeza. Ngakhale thanki yakufa ija ili ndi ntchito m'kalasi. William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, anaphunzira zambiri za magetsi pophwasula mawailesi akale asanamange makina ake a mphepo. Mwana wozolowera kufunsa kuti chaonongeka n'chiyani kwenikweni adzafunsa funso lomwelo pa mjigo wa m'mudzi, pa solala ya kuchipatala ndi pa njinga yamoto ya bambo ake.

Pempho lathu kwa oyang'anira zida, atsogoleri a magulu a nyimbo ndi akuluakulu a m'makomiti ndi ili. Chida chilichonse chikhale ndi tsamba lake m'kope, polembedwa dzina lake, mavolti ake, zilembo za thanki yake ndi tsiku lomwe chinakonzedwa komaliza. Pasavomerezedwe ndalama zogulira ampulifaya yatsopano mpaka wina atanena mwachindunji chimene chafa m'yakaleyo ndi mmene anachiyezera. Ndipo pasankhidwe Sande limodzi masana m'teremu ino, mphunzitsi wa Physics akhalepo, mmisiri mmodzi aitanidwe pa zofuna kutsegula chitsulo, makiyi a sitowa aperekedwe, ndipo maampulifaya onse otchedwa akufa atulutsidwe panja, agogodedwe limodzilimodzi kabatani ka Reverb kali pakatikati.